Mapazi a Alendo m'Chipululu cha ku Utah

 M'nkhani yathu ya lero tipita kutali ndithu, kutsidya kwa nyanja yamchere, kumadzulo kwa dziko la America, m'chigawo chotchedwa Utah. Kumeneko kuli tauni yaing'ono dzina lake Moab, imene inamangidwa m'mphepete mwa mtsinje wa Colorado, pakati pa chipululu cha matanthwe ofiira. Kalembera wa mu 2020 anapeza kuti m'tauniyi mumakhala anthu 5,366 okha. Koma pafupi pomwepo pali malo otetezedwa a Arches, kumene kuli matanthwe oposa 2,000 obooka pakati ngati zipata, ndipo mu 2021 alendo amene anakacheza kumeneko anakwana pafupifupi 1.8 miliyoni.

Kodi anthu onsewa amakafunanji kumalo kumene kulibe mthunzi, kulibe chitsime, kulibe ngakhale munda? Nanga akachoka amasiyako zotani? Mafunso awiriwa ndiwo tiyese kuyankha lero.

Tiyambe ndi dzikolo. Ku Moab mvula ya chaka chathunthu imangokwana mamilimita 230 kapena kuzungulira pamenepo, pamene Lilongwe amalandira kuwirikiza katatu kapena kuposa. M'miyezi ya June, July ndi August kutentha kumadutsa madigiri 38, ndipo thanthwe limaotcha dzanja la munthu wolikhudza masana. M'miyezi ya December ndi January kumazizira koti madzi osiyidwa panja usiku amauma gwa. N'chifukwa chake alendo ambiri amafika kuyambira mu March mpaka mu May, ndiponso mu September ndi October, pamene nyengo imakhala yapakatikati.

Kalekale dera limeneli linali la mitundu ya anthu amene Azungu anawapeza m'dzikomo, monga a Ute, ndipo makolo akale a m'deralo anasiya zithunzi zogoba pa matanthwe zimene zikuonekabe mpaka lero. Masiku ano mbali yaikulu ya chipululuchi ili m'manja mwa boma. Nthambi yoyang'anira malowa, imene amaitchula mwachidule kuti BLM, inakhazikitsidwa mu 1946, ndipo imasamala maekala pafupifupi 245 miliyoni, ambiri mwa iwo kumadzulo kwa dzikolo. Malo amenewa ndi aakulu kuposa dziko lathu la Malawi kuwirikiza kasanu ndi katatu. Pa malo ambiri otere munthu aliyense amaloledwa kugona osalipira kanthu, malinga asapitirire masiku 14 ali pamalo amodzi. Ufulu umenewu ndiwo umakoka anthu a makalavani.

Kalavani ndi ngolo yogonamo yokokedwa ndi galimoto. M'kati mwake mumakhala bedi, tebulo, chophikira cha gasi, firiji yaing'ono, bafa ndi chimbudzi, zonsezi zitapanikizana m'chipinda chosaposa kukula kwa basi yaing'ono. Mmodzi mwa anthu amene anatchukitsa ngolo zoterezi ndi Wally Byam, amene m'zaka za m'ma 1930 anayamba kupanga makalavani onyezimira a aluminiyamu otchedwa Airstream. Mkuluyu ankakonda maulendo ataliatali, moti mu 1959 anatsogolera makalavani 41 pa ulendo wodutsa mu Africa muno, kuchokera ku Cape Town kulowera ku Cairo.

M'mbali mwa matauni muli malo olipira kumene kalavani amailumikiza ku magetsi, ku mpopi wa madzi ndi ku paipi yotaya zonyansa. Koma ambiri amafuna kukagona kutali, kumene kulibe chilichonse mwa zimenezi, ndipo kumeneko moyo wonse umakhala wowerengera. Pansi pa kalavani pamakhala mathanki atatu: la madzi abwino, la madzi osambira ndi otsukira mbale, ndi la zam'chimbudzi. Loyambalo likauma, kapena enawo akadzaza, ulendo watha, munthu ayenera kubwerera ku tauni. Magetsi amachokera ku mabatire odzazidwa ndi sola ya padenga. Motero munthu amene kwawo amasamba mpopi uli chitsegulire, akafika kuno amaphunzira kunyowetsa thupi, kutseka madzi, kupaka sopo, kenaka n'kutsukuluza mwachangu. Zimene mayi wotunga madzi kutali amazidziwa kuyambira ali mtsikana, mlendo wa m'chipululu amaziphunzira atakula kale.

Pali ena, makamaka opuma pa ntchito, amene amayenda motsata nyengo monga mbalame. Nthawi yozizira amatsikira kummwera, ku tauni ya Quartzsite m'chigawo cha Arizona, kumene okhazikika ndi anthu pafupifupi 2,400, koma mu January chigwa chonse chimayera ndi makalavani zikwizikwi. Kumeneko boma linapatula malo amene munthu wogula chiphaso amaloledwa kukhalapo kuyambira pa 15 September mpaka pa 15 April. Dzuwa likayamba kuwawa ku Arizona, ena a iwo amamangirira ngolo zawo n'kukwera chakumpoto, ndipo Moab ndi amodzi mwa malo amene amakaimako.

Tsono akafika ku Moab amachita chiyani? Ambiri amamasula kalavani, n'kulowa m'chipululu pa galimoto zamphamvu zokoka ndi mawilo onse anayi, pa njinga zamoto, kapena pa njinga zakapalasa. Njira zimene amadutsamo zili ndi mbiri yake, pakuti zambiri sizinalambulidwe chifukwa cha alendo ayi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la America linkafuna kwambiri mtapo wa yureniyamu, womwe uja ifenso timaudziwa ku Kayelekera m'boma la Karonga, kuti lipangire zida za nyukiliya. Mu July 1952 katswiri wina wa miyala wochokera ku Texas, Charles Steen, amene anali atasauka chifukwa chofufuza osapeza kanthu, anaboola pansi kummwera chakummawa kwa Moab n'kupeza mtapo wochuluka zedi. Mgodi wakewo anautcha Mi Vida, mawu a Chisipanishi otanthauza kuti moyo wanga. Mbiri itamveka, anthu anakhamukira kumeneko, ndipo tauni imene mu 1950 inali ndi anthu osakwana 1,300 inafika pa anthu oposa 4,600 pofika mu 1960. Ofufuza mtapo anang'amba misewu ndi makatapila m'zigwa, m'mapiri ndi m'mphepete mwa maphompho. Umodzi mwa misewu imeneyi ndi White Rim, wotalika makilomita 160, umene sunapindule kwenikweni pa za mtapo, koma lero anthu amaupempherera chilolezo kuti akauyende.

Malonda a yureniyamu atalowa pansi, fakitale yoyenga mtapowo inatsekedwa mu 1984, ndipo mabanja ambiri anasamuka. Inasiya mulu wa zinyalala zoopsa wolemera matani 16 miliyoni m'mbali mwa mtsinje, umene boma linayamba kuututa pa sitima yapamtunda mu 2009. Chimene chinapulumutsa tauniyi ndi misewu ija. Kuyambira mu 1967 amalonda a ku Moab anali atayambitsa kale ulendo wa magalimoto a Jeep wochitika nyengo ya Isitala, ndipo mwambo umenewu unakula chaka ndi chaka mpaka kukhala msonkhano wa magalimoto ochokera m'zigawo zonse za dzikolo.

Mu 1969 okwera njinga zamoto anajambula njira ya makilomita pafupifupi 17 pamwamba pa matanthwe kummawa kwa tauni, poika timizere ta penti yoyera pa mwala. Njirayi imatchedwa Slickrock, kutanthauza thanthwe loterera. Dzinali linachokera kwa apaulendo akale, amene akavalo awo ovekedwa zitsulo kumapazi ankaterereka pamwalapo. Chodabwitsa n'chakuti kwa tayala la labala mwala womwewo suterera konse, koma umagwira ngati sandipepala, moti njinga imakwera chitunda chimene munthu wapansi angachiope. M'zaka za m'ma 1980 okwera njinga zakapalasa za m'mapiri anaitulukira njirayi, ndipo dzina la Moab linamveka m'maiko ambiri.

Pali gulu linanso la alendo, limene limalowa m'chipululu kukasaka chuma chobisika, ngakhale kuti chumacho sichingagule ngakhale buledi. Masewera awo amatchedwa geocaching, ndipo kuti tiwamvetse tiyenera kuyang'ana kumwamba. Pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 pamazungulira masetilaiti a GPS, osachepera 24, amene amatumiza uthenga wonena nthawi ndi malo pamene ali. Kachipangizo ka m'manja, kapena foni yamakono, kakalandira uthenga wa masetilaiti anayi kamawerengera pamene munthu waima. Masetilaitiwa ndi a asilikali a America, ndipo kwa zaka zambiri iwo ankasokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, moti kachipangizo kankaphonya ndi mamita ofika 100. Kumayambiriro kwa May 2000 Pulezidenti Bill Clinton analamula kuti kusokonezako kuthe, ndipo usiku umodzi wokha kuphonya kuja kunatsika kufika pa mamita 10 kapena kucheperapo.

Pa 3 May 2000 mkulu wina wa za makompyuta, Dave Ulmer, anafuna kuyesa kulondola kwatsopanoku. Anatenga ndowa yakuda, naikamo mabuku, makaseti a kanema, legeni, chitini cha nyemba, kabuku kolembamo ndi pensulo, n'kukaibisa m'tchire pafupi ndi Beavercreek m'chigawo cha Oregon. Kenaka analengeza pa intaneti manambala osonyeza malowo, pamodzi ndi lamulo limodzi: ukatengamo kanthu, usiyemonso kanthu. M'masiku ochepa anthu anaipeza ndowayo, ena nayamba kubisa zawo. Mu September chaka chomwecho Jeremy Irish wa ku Seattle anayamba kusonkhanitsa mndandanda wa malo onse obisikawa, ndipo m'zaka zotsatira chiwerengero chawo chinapitirira 3 miliyoni pa dziko lonse lapansi.

Kuzungulira matauni a m'chipululu timabokosi totere tilipo tambiri. Tina ndi mabokosi achitsulo amene kale ankasungiramo zipolopolo, tina n'tating'ono ngati chala. Timabisidwa m'ming'alu ya matanthwe kapena pansi pa mitengo yopinimbira, koma lamulo la masewerawa limaletsa kukumba pansi. Wopeza amalemba dzina ndi tsiku m'kabuku, n'kubwezera bokosi momwe analipezera. Bokosi lililonse limakhala ndi manambala kuyambira 1 mpaka 5, osonyeza kuvuta kwa kulipeza ndi kuvuta kwa njira yake, ndipo la nambala 5 limafuna chingwe chokwerera kapena bwato. Phindu lenileni si zidole za m'bokosimo ayi, koma malo amene wobisayo anafuna kuti mnzake akawaone: kasupe wobisika, mgodi wakale, kapena phompho loonekera kutali.

Zonsezi zikumveka zokoma, koma chipululu sichiseka ndi munthu wosakonzeka. Oyang'anira malowa amalangiza kuti munthu aliyense anyamule malita 4 a madzi akumwa pa tsiku, pakuti mpweya wa kumeneko ndi wouma kwambiri, thukuta limauma lisanaoneke, ndipo munthu amatha madzi m'thupi asakudziwa. Choopsa chachiwiri ndi madzi omwewo akachuluka. Thanthwe silimwa mvula, choncho mvula ikagwa kumtunda madzi onse amathamangira m'zigwa zopapatiza, ngakhale kumunsiko kuli dzuwa. Pa 12 August 1997 alendo 11 anafa m'chigwa cha Antelope ku Arizona, atakokoledwa ndi madzi a mvula imene inagwa makilomita angapo kuchokera pamene iwo anali. Mu August 2022 mtsinje waung'ono wa Mill Creek unasefukira n'kuyenda m'misewu ya pakati pa Moab penipeni. Wodziwa chipululu saimika kalavani m'khwawa louma, ngakhale mchenga wake ukhale wosalala chotani.

Choopsa chachitatu ndi kuyenda osatsanzika. Mu April 2003 mnyamata wina, Aron Ralston, analowa yekha m'chigwa cha Bluejohn, kumadzulo kwa Moab, osauza aliyense kumene akupita. Chimwala chinagubuduka n'kupanikiza dzanja lake lamanja kukhoma la chigwacho. Patapita masiku asanu, madzi atamuthera ndipo palibe womufunafuna pamalopo, anathyola mafupa a mkono wake n'kuudula ndi kampeni kobuntha kuti apulumuke. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo m'chipululu wosatsanzika amakumana ndi zoposa pamenepo.

Koma omvera, ngozi yaikulu imene tikufuna kuti tiiganizire lero si imene chipululu chimagwetsera munthu, koma imene munthu amagwetsera chipululu. Mlendo akayang'ana pansi pakati pa zitsamba amaona nthaka yakuda, ya timabampu, yooneka ngati yopserera, ndipo amayesa dothi wamba. Chikhalirecho nthakayo ili ndi moyo. M'menemo muli tizamoyo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene mvula ikagwa timayenda mu mchenga n'kusiya timaulusi tonanda tomanga mchengawo pamodzi. Pakapita zaka, pamwamba pake pamamera ndere ndi tizomera tina tofewa, ndipo zonsezi zimapanga chikhungu chophimba nthaka. Katswiri wina wa sayansi, Mayi Jayne Belnap, anathera zaka zambiri ku Moab akufufuza chikhungu chimenechi.

Ntchito zake ndi zitatu. Chimagwira mchenga kuti usauluke ndi mphepo kapena kukokoloka ndi madzi. Chimasunga chinyezi cha mvula yochepa ija. Ndiponso chimatenga naitirojeni mu mpweya n'kuiika m'nthaka, monga momwe nandolo ndi mtedza zimachitira m'minda yathu. Popanda chikhungu chimenechi, mbewu za udzu ndi zitsamba zimasowa pomera.

Vuto n'lakuti chikauma chimakhala chophweka ngati chigoba cha dzira. Phazi limodzi, tayala limodzi, kapena chiboda cha ng'ombe chimachiphwanya nthawi yomweyo, ndipo kuti chibwererenso mwakale pamatenga zaka makumi angapo, pena kupitirira zaka 100 kumalo ouma kwambiri. Galimoto imodzi ikapatuka pa njira kuti ikaime pa malo okongola, imasiya mizere iwiri. Wobwera pambuyo amaiona mizereyo n'kuyesa msewu, ndipo pakutha pa nyengo pamakhala msewu weniweni. Wosaka bokosi lobisika naye ali ndi yesero lake, pakuti muvi wa pa kachipangizo kake umaloza molunjika, osasamala zimene zili pansi, ndipo anthu makumi angapo akautsata amasiya kanjira pamene panalibe. N'chifukwa chake malo otetezedwa monga Arches salola kubisamo mabokosi popanda chilolezo, ndipo alendo amaphunzitsidwa kuponda pa thanthwe, mu mchenga wa m'khwawa, kapena m'njira yokhazikika basi.

Kuonongekaku sikuthera pomwepo. Nthaka yophwanyidwa imasanduka fumbi, ndipo mphepo ya mu March ndi April imalinyamula kupita nalo kummawa, kumapiri aatali a Rocky m'chigawo cha Colorado, kumene limagwera pa chipale chofewa, madzi oundana oyera aja amene amaphimba nsonga za mapiri nthawi yozizira. Chipale choyera chimabweza kuwala kwa dzuwa, koma chodetsedwa ndi fumbi chimamwa kutentha n'kusungunuka msanga. Mu 2010 Thomas Painter ndi anzake anasonyeza kuti fumbi limeneli limafulumizitsa kusefukira kwa mtsinje wa Colorado ndi masabata pafupifupi atatu, ndipo limachepetsa madzi ake ndi magawo 5 pa 100 alionse. Mtsinje umenewu umamwetsa anthu pafupifupi 40 miliyoni. Kunena chilungamo, fumbili linayamba kuchuluka m'zaka za m'ma 1800 chifukwa cha ng'ombe ndi nkhosa zimene Azungu anabwera nazo, kenaka migodi ndi misewu yake. Alendo a masiku ano akungoonjezera pa bala lakale.

Boma linaliona vutoli kalekale. Mu 1972 Pulezidenti Richard Nixon analamula kuti nthambi zoyang'anira malo a boma zigawe malo m'magulu: kumene galimoto zingayende, ndi kumene siziyenera kufika. Ku Moab, khamu la alendo litaononga kwambiri malo ozungulira njira ya Slickrock, BLM ndi akuluakulu a boma laling'ono la Grand anagwirizana mu 1995 kukhazikitsa malo a Sand Flats, kumene mlendo amalipira pachipata, amagona pa malo oikidwa, ndipo ndalamazo zimasamalira malowo. M'madera ambiri ozungulira tauni, wogona m'chipululu amalamulidwa kunyamula chimbudzi chake n'kutuluka ndi zonyansa zake, chifukwa m'nthaka youma choncho siziola msanga.

Malamulo otere sakondweretsa onse. Mu 2023 BLM inatseka makilomita pafupifupi 500 a njira za galimoto kumpoto chakumadzulo kwa Moab, pofuna kuteteza zigwa, nyama zakutchire ndi bata la m'mbali mwa mtsinje wa Green. Oteteza chilengedwe anayamikira, koma boma la Utah ndi magulu a okwera anakasuma, ponena kuti malowo ndi a anthu onse, ndiponso kuti okalamba ndi olumala sangafike kutali popanda galimoto. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo mkanganowo sunathere pamenepo. M'tauni momwemo eni ake amadandaula za phokoso la tigalimoto ta m'tchire todutsa pakhomo usiku, ndi kukwera mtengo kwa nyumba kumene kumasowetsa pogona anthu ogwira ntchito m'mahotela. Mu April 2021 anthu osadziwika analemba mawu achipongwe pa mwala wa zithunzi zakale wotchedwa Birthing Rock, zithunzi zimene zinakhala bwinobwino kwa zaka mazanamazana. Walira mvula walira matope: alendo amene anapulumutsa tauniyi migodi itatsekedwa ndiwonso akuipatsa mutu.

Tsono tibwerere ku mafunso athu aja. Chimene anthu amakafuna m'chipululu ndi danga, bata, nyenyezi zooneka bwino usiku, ndi ufulu woima pamene mtima wafuna. Chimene amasiya chimadalira zinthu zazing'ono: kaya tayala likhala m'njira kapena lipatuka, kaya phazi liponda pa thanthwe kapena pa nthaka yamoyo ija, kaya zinyalala zibwerera m'kalavani kapena zitsala pansi pa chitsamba. Pamene oyenda anali ochepa, kulakwa kwa mmodzi kunkabisika m'kukula kwa dzikolo. Lero ali mamiliyoni, ndipo ufulu wa aliyense watsamira pa kudziletsa kwa mnzake, pakuti malo akaonongeka boma limawatseka, ndipo osamala amavutikira limodzi ndi osasamala.

Makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo wa m'chipululu cha ku Utah amakhala masiku 14 n'kumapita, koma mzere wa tayala lake pa nthaka yakuda ija ukhoza kudzaonedwa ndi adzukulu ake.